Mitanda Yofiira ya ku Tilipobe

Dziko la Tidzaona linali ndi mfumu yokonda maulendo, dzina lake Khumbolanga Wachiwiri. Anthu ake ankadziwa kuti ikakwera ndege kupita kunja, pobwera ibwera ndi lamulo. Chaka china inabwera ndi lamulo loti mbuzi iliyonse ikhale ndi dzina ndi mfunda womwe. Chaka china inaletsa maliro Lachisanu, ati tsikulo ndi lachisangalalo. Anthu anazolowera. Ndege ya mfumu ikamatsika, amayi a pamsika ankangouzana kuti, "Yabwera. Tiyeni timve kuti ulendo uno talakwa chiyani."

Ulendo umene tikukambawu, mfumu inakaona mzinda wa eni ake kumene nyumba zinali pamzere ngati mano a chipeso. Itabwerako inaima pakhonde la nyumba yachifumu, pamwamba pa phiri la Onanindine, n'kuyang'ana kumunsi. Maso ake anagwera pa Tilipobe, dera la anthu wamba, kumene madenga a malata adzimbiri anali otsinjiridwa ndi miyala ndi matayala akutha. Nyumba zina zinali zoyang'anana, zina zofulatirana, zina zotsamirana ngati anthu ochokera ku mowa. Mfumu inaitanitsa nduna zake nthawi yomweyo.

"Kodi amene anamanga zimenezi anafunsa yani?" inatero mfumu, chala chitaloza kumunsi.

Nduna zinayang'anana. Kenaka a Gwadani, Nduna ya Maonekedwe a Dziko, anatsetsereka pampando mpaka mawondo anagunda pansi. Ntchito imeneyi ankaidziwa bwino, moti mathalauzi awo onse anali osuluka m'mawondo.

"Wamkulukulu, inu mthunzi wa dziko, inu dzuwa losalowa, sanafunse munthu aliyense. Anthu a kumeneko akadzuka m'mawa n'kuona njerwa, manja amawayabwa."

"Ndi matenda amenewo, Wamkulukulu, ndipo ndi opatsirana," inathira ndemanga Nduna ya Zaumoyo. "Wina akamanga khitchini, mnansi wake mawa lake amadzuka ndi bafa."

Mfumu inaimirira, ndipo alembi anakonzekera.

"Kuyambira lero, m'dziko la Tidzaona njerwa isakwere pa njerwa inzake popanda chilolezo changa."

Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Nduna ina yokalamba, imene inagwirapo ntchito ndi bambo ake a mfumu, inafunsa mwaulemu ngati lamuloli likukhudzanso uvuni wa njerwa, poti njerwa sizingapse osazisanja. Mawa lake inalandira mwayi waukulu wokakhala kazembe ku dziko lina lakutali kumene kulibe foni.

Wailesi inalengeza lamulo lija m'mawa, masana ndi madzulo. Pamsika wa Tilipobe, Abiti Sumani, mayi wogulitsa usipa amene pakamwa pake ankapaopa ndi apolisi omwe, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndiye kuti njerwa zizigona m'mbalim'mbali ngati usipa wangawu. Nafenso tizigona pambali pake." Anthu anaseka, n'kupitiriza kumanga monga kale. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano popondaponda matope ankaimba nyimbo ya fuko.

Koma ku Tilipobe komweko kunali munthu mmodzi amene sanaseke nawo. Ameneyu anali Wedisoni Chapola, telala wosokera pakhonde la nyumba yake. A Chapola anali munthu woopa lamulo. Podutsa msewu ankafunafuna pamene panali mizere yoyera, ngakhale mizereyo inafufutika mfumu yakale ikadali moyo. Nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi ndi balaza. Kuchipinda ankagona iwo ndi akazi awo, a Nachanza, pabalaza ana.

Tsiku lina a Nachanza anabwera kuchokera kumudzi nkhope ili yakugwa. Amayi awo, a Nangozo, mwendo unali utatupa mpaka nsapato kukana, ndipo dokotala wa m'tauni anati akufuna aziwaona pafupipafupi. Msewu wa kumudziko mvula ikangoyamba umasanduka mtsinje.

"Amayi ayenera kubwera kuno mvula isanagwe, bambo a Lonjezo."

"Abwere ndithu. Agona pabalaza ndi ana."

"Ndiye inu m'mawa popita kubafa muziwalumpha miyendo?"

Chikwatirireni, a Chapola anali asanadyepo apongozi awo akuona. Moni ankapereka ali kuseri kwa nkhokwe, atanjuta, nkhope itayang'ana kwina. Kuganiza zodutsa pafupi ndi mphasa ya apongozi, thaulo lili pakhosi, kunawachititsa manyazi ngati zachitika kale.

Panafunika chipinda. Njerwa zinalipo kuseri kwa nyumba, zootcha kale lamulo lisanabadwe. Mmisiri analiponso, a Jekapu, mnansi wawo wa mpanda umodzi, amene anamanga theka la nyumba za ku Tilipobe ndipo anati akhoza kuyamba ngakhale mawa.

"Ndiyambe ndakafunsa ku boma," anatero a Chapola. "Ndimve kuti malamulo ake akuti chiyani. Safunsa anadya phula."

A Jekapu anawayang'ana monga mmene munthu amayang'anira mnzake amene akuti akasambe padziwe la ng'ona.

"Achimwene, phula ndi lokoma kuposa zimene mukadye kumeneko."

A Chapola anavala jekete lawo la ku tchalitchi n'kukwera minibasi kupita ku Nyumba ya Zilolezo. Inali nyumba yatsopano yansanjika, yodzaza ndi antchito, poti nduna iliyonse inali ndi adzukulu ofuna ntchito. Chitsegulireni, kunali kusanafike munthu ndi mmodzi yemwe wodzapempha chilolezo. Alembi ena ankasewera bawo pansi pa masitepe. Mayi wa pakhomo ankagulitsa mazira owiritsa pa desiki yake.

"Mazira atha, bambo," anatero mayiyo osadzutsa mutu.

"Sindinabwerere mazira, mayi. Ndikufuna kumanga chipinda, ndiye ndati ndidzafunse malamulo."

Mayi uja anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Kenaka anathamanga m'khonde akukuwa, "Munthu! Kwabwera munthu!"

Zitseko zinatseguka mbali zonse. A Chapola anawakhazika pampando wa wofuwofu, kuwapatsa tiyi wamkaka, wina mpaka kuwajambula chithunzi. Potsiriza anawalowetsa mu ofesi ya a Mlongoti, Mkulu Woyendera Zomangamanga, bambo wamtali, wowonda, amene chilembedwereni ntchito anali asanayenderepo ngakhale khola la nkhunda.

"Malamulo alipo," anatero a Mlongoti monyadira. "Ochuluka, okongola, olembedwa ndi akatswiri. Koma sitionetsa anthu."

"Bwanji, bwana?"

"Munthu akadziwa pamene mpanda wathera, amadziwanso polowera. Tikakuonetsani malamulo, muyamba kuwazemba."

"Nanga ine ndidziwa bwanji kuti ndikuwatsata?"

"Mukalakwa tikuuzani. Ndiyo ntchito yathu."

Poona kuti mlendo wawo yekhayo wakhumudwa, a Mlongoti anatseka chitseko n'kutsitsa mawu. Anati awatsina khutu pa lamulo limodzi lokha, lokhudza khomo. Khomo la chipinda lisayang'ane ku phiri la Onanindine, chifukwa kumeneko ndi kusuzumira mfumu. Lisafulatirenso phirilo, chifukwa kumeneko ndi chipongwe. Kuliika m'mbali ndiye koipitsitsa, chifukwa munthu woyang'ana mfumu cham'mbali amakhala ndi zake mumtima.

"Ndiye khomolo liyang'ane kuti, bwana?"

"Komiti ikukambirana."

Kuyambira tsiku limenelo makina a a Chapola ankakhala ovundikira m'mawa wonse, eni ake ali ku Nyumba ya Zilolezo. Ku Ofesi ya Maziko anawauza kuti sangavomereze maziko a chinthu chimene denga lake silinavomerezedwe, poti mvula ingawawononge. Ku Ofesi ya Madenga anawauza kuti denga silingavomerezedwe m'malere popanda maziko. Wowauza zonsezi anali munthu mmodzi yemweyo, amene ankangotulukira khomo lapakati n'kusintha tayi. Tsiku lililonse ankawaperekeza mpaka panja ndi mawu amodzimodzi: "Musadandaule, bambo Chapola. Nkhani yanu ili mkati."

Mitambo inayamba kusonkhana kum'mawa. Mthenga wa kumudzi anati mwendo wa a Nangozo wafika potupa mpaka m'bondo. A Nachanza anasiya kufunsa kuti kwayenda bwanji. Ankangoyang'ana mulu wa njerwa, kuyang'ana kumwamba, n'kulowa m'nyumba.

Ndiye tsiku lina a Chapola anabwera akumwetulira. A Mlongoti anali atavomera kubwera okha kudzaona malo.

Galimoto ya boma inakanika kulowa m'tinjira ta Tilipobe, choncho a Mlongoti anatsika n'kuyenda wapansi. Sanayende patali. Kumanja anaona khitchini yatsopano, matope ake akadali aawisi. Kumanzere kunali bafa losafolera. Patsogolo pake panali a Jekapu ali pamwamba pa khoma, amene atawaona anabisa njerwa kumbuyo n'kuyamba kuyang'ana mbalame.

"Chipinda ichi chinamangidwa liti?" a Mlongoti anafunsa Abiti Sumani, amene anali pakhomo pawo akupeta usipa.

"Chimenechi, bwana? Chinamera chokha ndi mvula ya chaka chatha. Ifenso tinadabwa."

A Mlongoti sanakwiye. Nkhope yawo inawala ngati ya mlenje amene wakhala nthawi yaitali osaona nyama, ndiye watulukira pa gulu la mbawala. Malo a a Chapola sanawayang'ane n'komwe. Anabwerera ku galimoto chothamanga, ndipo m'mawa mwake anafika ndi antchito onse a bawo aja, aliyense atanyamula chitini cha penti wofiira. Pofika madzulo nyumba iliyonse ya ku Tilipobe inali ndi mtanda waukulu pakhoma, wofiira psuu. A Mlongoti anakwera pa chulu n'kulengeza kuti nyumba zonse za mitanda zidzagwetsedwa ndi buludoza chikondwerero cha kubadwa kwa mfumu chikangotha.

"Kupatula iyi," anatero, akuloza nyumba ya a Chapola, imene inatsala yoyera mbee pakati pa zinzake. "Uyu ndiye nzika. Uyu anabwera kudzafunsa. Pakadapanda iyeyu, ife sitikadadziwa n'komwe kuti kuno kuli zoterezi. Tengerani chitsanzo."

Anthu onse anatembenuka kuyang'ana chitsanzocho.

Masiku otsatira anali owawa. Amene anasiya nsalu zawo kwa a Chapola anabwera kudzazitenga, zina zili zodula kale. A Nachanza akafika pampopi, amayi ankasuntha ndowa zawo n'kusiya nkhani pakati. Ana anabwera kusukulu akulira, ati anzawo akuwatchula kuti ana a Kafunseni. A Jekapu anatseka ndi lata kampata ka mumpanda kamene mabanja awiriwa ankapatsirana moto ndi mchere. Ngakhale pamsika zinthu sizinali bwino.

"Mundipatseko usipa wa ndiwo zamadzulo, Abiti," anatero a Chapola tsiku lina.

"Iii, a Chapola, musagule uwu. Ndinausanjikiza wina pamwamba pa unzake osafunsa. Mungadye mlandu."

Msika wonse unaseka, koma kunali kuseka kopanda mano. Kunyumba nako a Nachanza analibe mawu ofewa.

"Ine ndinakupemphani chipinda chimodzi, bambo a Lonjezo. Inu mwandibweretsera udani wa mudzi wonse, chipindacho osaoneka. Amayi anga akubuula kumudzi, inu muli kumwa tiyi wa boma."

A Chapola anakhala pamakina opanda nsalu, akuyang'ana kutsidya kwa njira kumene bambo wina wopuma pantchito ya ulonda ankazula misomali ya denga lake mmodzimmodzi, kuti buludoza ikadzabwera apulumutseko malata. Nyumba imeneyo bamboyo anaimanga moyo wake wonse. A Chapola anafuna kupita kukamuthandiza kugwira makwerero, koma anadziwa kuti sawalandira. Anakhala pomwepo, manja ali pamiyendo, mtima ukuwawa. Chimene sankamvetsa n'chakuti analakwa pati, poti chilichonse anachita monga wailesi inanenera.

Tsiku la chikondwerero linafika. Mwa nthawi zonse mdipiti wa galimoto za mfumu unkadutsa msewu wa kumtunda, wa maluwa m'mbali. Koma mlatho wa msewu umenewo, umene anamanga alamu ake a nduna ina, unali utakhala pansi usanaone ngakhale mvula imodzi. Panalibe kuchitira mwina koma kudzera msewu wa m'mphepete mwa Tilipobe. Apolisi anatulutsa anthu m'nyumba kuti akagwade m'mbali mwa msewu ndi kusangalala.

Galimoto ya mfumu itafika pakati, inaima. Galasi linatsika. Mfumu inayang'ana kumanja, mitanda yofiira. Inayang'ana kumanzere, mitanda yofiira mpaka kumene maso amalekezera.

"Gwadani!"

A Gwadani anatuluka m'galimoto yawo n'kufika chokwawa.

"Zofiirazi n'chiyani?"

Apa tiyenera kudziwa kuti sabata yomweyo a Gwadani anali atauza bwalo la nduna kuti chikhazikitsireni lamulo, m'dziko lonse la Tidzaona palibe njerwa imene yakwera pa inzake. Mfumu inakondwa, n'kuwapatsa mendulo, imene panthawiyi inali kulendewera pachifuwa pawo. Kunena zoona tsopano kunali kupempha ukazembe ku dziko lopanda foni. Koma a Gwadani sanafike pa unduna chifukwa cha mawondo okha.

"Ndi chikondi, Wamkulukulu."

"Chikondi?"

"Chikondi chosasimbika. Anthu anuwa aika chizindikiro chanu pa nyumba zawo pokondwerera kubadwa kwanu. Kufiirako ndi magazi awo, amene ali okonzeka kukhetsa chifukwa cha inu. Nthambi zinayizo ndi ufumu wanu, umene wafika kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera. Ine ndinawaletsa kuti penti ndi wodula, koma sanandimvere."

Anthu ogwada aja anamva zonse. Mlonda wopuma uja anatsegula pakamwa, akazi ake n'kumutsina. Kenaka panamveka nthungululu yakuthwa, yaitali. Anali Abiti Sumani. Amayi ena anailandira, ndipo posakhalitsa Tilipobe yense anali kulira ndi nthungululu, abambo akuwomba m'manja, ena misozi ili mbwembwembwe, ngakhale chifukwa cha misoziyo sichinali chimene mfumu inkaganiza.

Mfumu nayo inapukuta m'maso. Inatuluka m'galimoto, chinthu chimene inali isanachitepo kunja kwa mpanda wake, n'kukweza dzanja.

"Ana anga, mwandigwira mtima. Ndikulamula pano kuti nyumba iliyonse yokhala ndi chizindikiro changa ndi nyumba yokhulupirika. Yavomerezedwa, ndipo munthu asaikhudze mpaka kalekale."

Nthungululu zinakwera. Mfumu inatembenuka kuti ilowe m'galimoto, koma maso ake anakodwa pa chinthu choyera.

"Nanga iyo?"

Onse anayang'ana nyumba ya a Chapola.

"Pakati pa chikondi chonsechi, pali wina amene waumitsa mtima?" inatero mfumu. "Alembi, lembani. Nyumba iliyonse yopanda chizindikiro changa, kulikonse m'dziko muno, ndi nyumba ya mdani wanga. Igwe."

A Chapola anali atagwada kutsogolo kwenikweni, m'jekete lawo la ku tchalitchi, kambendera kali m'manja. Kambenderako kanagwa m'fumbi.

M'mawa mwake anali pakhomo la Nyumba ya Zilolezo zitseko zisanatsegulidwe. Ulendo uno tiyi panalibe. M'makhonde munali piringupiringu, mabwana a kumtunda, a nyumba za mipanda yamagetsi, akukankhana kufuna mitanda. Ena anali atagona akumangitsa tizikhoma topanda ntchito pakati pa kapinga, n'cholinga choti apezeke olakwa. Penti wofiira m'masitolo anali atatha. A Chapola anadikira mpaka anapeza mpata wolowa kwa a Mlongoti.

"Bwana, ndapota nanu. Dzandijambulireni mtanda."

"Sindingathe, bambo Chapola."

"Ndi kamtanda kamodzi kokha, bwana. Ngakhale kakang'ono."

"Mtanda ndimajambula pa nyumba imene yaphwanya lamulo la njerwa. Ndi mmene buku likunenera, ndipo mfumu sinasinthe pamenepo. Inu simunaphwanye lamulo lililonse. M'dziko lonse lino munthu amene ndingamuikire umboni kuti ndi wosalakwa ndinu nokha."

"Ndiye ndikajambule ndekha?"

"Kujambula wekha chizindikiro cha mfumu ndi kuukira boma. Kumeneko sagwetsa nyumba yokha."

"Nanga chilolezo changa chija?"

"Chili mkati."

A Chapola anakhala pansi osauzidwa. Anawafotokozera a Mlongoti za ana, za makina osokera amene alibe kwina kowaika, za mwendo wa apongozi awo. Analankhula motsitsa, ngati munthu amene akudziuza yekha. A Mlongoti anamvetsera akuyang'ana pawindo. Anali munthu wa buku, koma nawonso anali ndi apongozi.

"Buludoza ifika kwanu Lolemba," anatero potsiriza, akusanja mapepala amene anali osanja kale. "Ine Loweruka madzulo ndidutsa kumeneko pa ntchito zanga. Ndatsala ndi penti pang'ono pansi pa chitini. Ndikadzapeza kuti mwalakwa, ndiye kuti mwalakwa. Ine sindinakuuzeni kanthu."

A Chapola atafika kwawo sanalowe m'nyumba. Anazungulira mpanda n'kukaima pakhomo pa a Jekapu, chipewa chili m'manja. A Jekapu anali pampando akusenda chinangwa, ndipo anawasiya ataima mpaka chinangwa chonse chinatha.

"Odi, achimwene."

"Ndani? Kodi ndi nzika ija?"

"Ndine, achimwene. Ndinakuikani m'mavuto, inu ndi mudzi wonse. Ndabwera kudzapepesa. Ndabweranso kudzapempha. Ndikufuna chipinda chija chimangidwe Loweruka lisanathe."

A Jekapu anatafuna pang'onopang'ono.

"Mwafunsa?"

"Sindinafunse."

"Chilolezo muli nacho?"

"Ndilibe."

"Khomo liyang'ane kuti?"

"Kulikonse kumene mungaliike, achimwene."

A Jekapu anaimirira n'kudzikuntha makoko a chinangwa.

"Tsopano mwayamba kulankhula ngati munthu. Kauzeni alamu atereke madzi a tiyi wambiri."

Loweruka kutacha, anthu anayamba kufika okha. Mkwiyo unalipo ndithu, koma aliyense ankadziwanso kuti pakadapanda kupusa kwa telalayu, nyumba zawo sizikadavomerezedwa mpaka kalekale. Ndiponso anthu a ku Tilipobe sakanatha kumva kuti kwinakwake kukuphwanyidwa lamulo iwo osaitanidwa. Amayi a pampopi aja anabwera ndi ndowa pamutu. Mlonda wopuma anabweretsa makwerero ndi misomali imene anazula padenga lake, yowongola kale. Abiti Sumani anatseka benchi yawo pa tsiku la malonda n'kudzakhala kapitawo wosasankhidwa ndi munthu.

Maziko atatha, a Jekapu anaimitsa ntchito. Anatenga njerwa imodzi n'kuipereka kwa mwini nyumba.

"Yoyamba kukwera pa inzake muike ndinu. Mlanduwu ukhale wanu, tisakusenzereni."

A Chapola anailandira ndi manja awiri. Inali njerwa wamba, koma inawalemera ngati mwala wa mphero. Anayang'ana ku phiri, anayang'ana akazi awo, n'kuikhazika pamatope. Njerwayo inakhala mopendama.

"Onani, ngakhale kulakwa sadziwa," anatero Abiti Sumani. "Awongolereni, a Jekapu."

Khoma linakwera ngati chimanga cha padimba. Mutu umodzi susenza denga, koma apa mitu inali yambiri moti ina inkangosokoneza. Dzuwa likupendeka, malata anali atakhomedwa, chitseko chakale chimene wina anapereka chili m'malo mwake. Ndipo a Mlongoti anatulukira, kachitini kali m'manja. Anazungulira chipinda chija, kugogoda khoma, kununkhiza matope. Kenaka anaima pakati pa anthu n'kukweza mawu kuti aliyense akhale mboni.

"Wedisoni Chapola, kodi chipinda ichi mwamanga ndinu?"

"Ndine, bwana."

"Popanda chilolezo?"

"Popanda chilolezo, bwana."

"Mwadala, mukudziwa lamulo la mfumu?"

"Mwadala, bwana."

"Ndakhumudwa nanu kwambiri. Ndinkakuyesani munthu." A Mlongoti anapala pansi pa chitini ndi burashi, n'kujambula mtanda pakhoma laliwisi. Penti anathera panjira, nthambi imodzi n'kukhala yaifupi, koma unali mtanda. Amayi analuluta. A Nachanza anakhala pansi pomwepo n'kuphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo palibe anadziwa ngati akulira kapena akuseka.

Lolemba buludoza inafikadi, ikufuka utsi ndi kugwedeza nthaka. Woiyendetsa, bambo wonenepa wosalankhulalankhula, anazungulira Tilipobe yense osapeza nyumba yoti agwetse. Poti sanauzidwe kwina kopita, anaiimika pabwalo la pafupi ndi kwa a Chapola n'kumadikira lamulo lina. Lamulolo linachedwa, moti anazolowerana ndi anthu, ana n'kumasewera pa chitsulo chakutsogolo, amayi n'kumayanikapo zovala.

A Nangozo anafika sabata yomweyo pa lole ya matola, kumwamba kukugunda. Anawatsitsa anthu awiri. A Chapola anapereka moni ali kuseri kwa ngodya ya nyumba, atanjuta, akuyang'ana mpanda, ndipo apongozi anayankha akuyang'ana mtengo wa papaya. Chipinda anachiona, anagogoda khoma ndi ndodo yawo, n'kuuza mwana wawo kuti auze bambo a kunyumba kuno kuti agwira ntchito. A Chapola atamva mawuwo, anakavundukula makina awo, poti nsalu zinali zitayambanso kubwera.

Masana ake a Nangozo anawayalira mphasa pakhonde, mwendo wodwala atauwongola pa pilo. Panali Abiti Sumani amene anabwera kudzalonjera mlendo, a Jekapu, ndi woyendetsa buludoza uja, amene tsopano ankamwa tiyi pakhomo lililonse. Mayi wokalambayo ankamva movutikira, choncho ankalankhula mokweza ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje.

"Kodi mitanda ili ponseponseyi, kuno kunagwa mliri?"

"Ayi amayi," anayankha a Nachanza. "Ndi lamulo la mfumu. Nyumba yopanda mtanda ndi ya mdani, amaigwetsa."

"Iliyonse?"

"Iliyonse, amayi. Kulikonse m'dziko muno."

A Nangozo anagwedeza mutu, kusonyeza kuti amva. Anayendetsa maso pa madenga a Tilipobe, mpaka anakafika pamwamba pa phiri, pamene nyumba yachifumu inali kuwala padzuwa, makoma ake oyera mbee mbali zonse. Anaiyang'anitsitsa, dzanja litatchinga pachipumi.

"Nanga chinyumba chachikulu chili paphiricho? Ine mtanda sindikuuonapo. Chimenecho achigwetsa liti?"

Makina a a Chapola anaima pakati pa msoko. A Jekapu anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Ngakhale Abiti Sumani, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anayang'ana pansi. Woyendetsa buludoza anaika kapu yake pansi mosamala, anatembenuka, n'kuyang'ana msewu wokwera phiri lija nthawi yaitali, milomo ikuyenda pang'ono, ngati munthu amene akuganizira giya yoyenera pa chitunda choterocho.